Madzi a mjigo ndi thanki ya suweji pa puloti ku Joni: yezetsani kaye, amalonda adikire

Ambiri mwa ife amene tili kuno ku Joni sitikhala m'mafulati a ku Hillbrow monga amaganizira abale kumudzi. Tili m'mapuloti, kunja kwa mzinda wa Johannesburg: ku Chartwell, Muldersdrift, Glen Austin, Walkerville, De Deur, mapuloti a ku Benoni. Ena timasamalira malo a mabwana, ena timachita lendi kachipinda kuseri kwa khola la mahatchi, ndipo alipo ochepa amene zinawayendera, anagula puloti yawoyawo. M'malo ambiri otere madzi amachokera mu mjigo wa pampu ya magetsi, ndipo zochokera kuchimbudzi ndi kubafa zimapita mu thanki yokwiriridwa pansi, ija amati septic tank.

Ine ndakhala pa puloti yotere zaka zingapo, ndipo chimene chinandipusitsa poyamba ndi nzeru ya kwathu. Kwathu munthu akati madziwa ndi a pa mjigo, nkhani yatha, amenewo ndi madzi abwino. Oopsa ndi a pa dambo ndi a pachitsime chosavindikira. Kuno musatengere zimenezo. Madzi a m'mipope ya m'tauni amachokera ku damu la Vaal, ndipo a Rand Water amawayeretsa ndi kuwayeza asanawapereke kwa a Johannesburg Water. A mu mjigo wa pa puloti palibe amene amabwera kudzawayeza. Mukumwa zimene nthaka yakupatsani, ndipo nthaka yomweyo ndi imene ikumwa zotuluka mu thanki ya suweji. Choncho mjigo ndi thanki ndi nkhani imodzi, ngakhale amisiri ake ndi osiyana.

1. Yendani pa puloti musanaimbire aliyense

Tengani kope ndi cholembera. Pezani pamene pali mjigo, pamene pali thanki, ndiponso kumene madzi otuluka mu thankiyo amakathera. Septic tank siisunga zonse: zolemera zimakhala pansi, mafuta amayandama pamwamba, madzi a pakati amatuluka n'kukalowa mu ngalande ya miyala yokwiriridwa, imene kuno amati French drain, n'kumalowerera m'nthaka pang'onopang'ono. Ngalandeyo simungaione, koma udzu umaiulula. Mu Julayi kapena Ogasiti, kapinga yense atauma ndi chisanu, mudzaona kamzere kamene kali biriwiri. Ndi pamenepo.

Yesani mtunda kuchokera pa kamzereko kukafika pa mjigo, ngakhale ndi mapazi. Langizo lofala ndi lakuti pasachepere mamita 30, ndipo ngalande isakhale kumtunda kwa mjigo, chifukwa madzi saiwala khwawa, ngakhale pansi pa nthaka. Suzumiraninso cha kwa aneba. Mpanda wa waya umatchinga agalu, osati suweji.

Kenako werengani anthu. Apa ndi pamene mavuto ambiri a m'mapuloti amayambira. Thanki inamangidwa kalekale poganizira banja limodzi, koma mwini malo anawonjezera zipinda za lendi, lero pali mabanja asanu ndi awiri ndipo onse akugwiritsa ntchito thanki yomwe ija. Ikachulukiridwa motero zonyansa sizipeza nthawi yoti zikhazikike pansi, zimapitirira kukatseka French drain, kenako mumaona chithaphwi chonunkha kuseri kwa nyumba.

Funsani ngati thanki yanu ndi septic tank kapena conservancy tank. Yachiwiriyi ilibe potulukira, imangosunga, ndipo ikadzaza iyenera kupopedwa basi. Anthu amasokoneza ziwirizi, n'kumadabwa kuti bwanji thanki ikudzaza mwezi ndi mwezi.

Pa mjigo penipeni onani ngati pakamwa pake ndi potseka bwino. Mijigo yambiri ili m'kadzenje ka simenti kokhala ndi chivindikiro, ndipo mvula yamphamvu ikagwa kadzenjeko kamadzaza, madzi a pabwalo ndi ndowe za ziweto n'kutsikira mu mjigo momwemo. Kwerani muonenso chivindikiro cha thanki ya JoJo, ija ya pulasitiki yosungiramo madzi ochokera mu mjigo. Ine ndinapezamo buluzi wakufa, atayera kale, ndipo tinali titamwa madziwo sabata yonse.

Lembaninso khonsolo imene malo anu ali pansi pake, chifukwa si puloti iliyonse "ya ku Joni" imene ili m'manja mwa City of Johannesburg. Muldersdrift ili pansi pa Mogale City, Walkerville ndi De Deur pansi pa Midvaal, Benoni pansi pa Ekurhuleni. Mukadzafuna chilolezo kapena kukadandaula, mudzapita ku ofesi yoyenera.

2. Dziwani nthaka imene mwakhalapo

Gawo ili anthu amalidumpha, koma ndi limene limakuuzani zoti mukayezetse.

Kumpoto, cha ku Midrand, Kyalami ndi Chartwell, pansi pali mwala wa granite. Kummwera ndi kumadzulo, monga cha ku Lenasia, Westonaria ndi Carletonville, ndiponso ku Centurion, kuli mwala wa dolomite. Umenewu madzi amausungunula pang'onopang'ono n'kusiya mapanga pansi, ndiye mijigo yake imatulutsa madzi ambiri, koma a laimu, ndipo zonyansa zimayenda msanga m'mapangamo popanda dothi lozisefa. Choopsa china ndi chakuti madzi otayikira malo amodzi kwa nthawi yaitali angachititse nthaka kutitimira mwadzidzidzi. Ku Carletonville m'zaka za m'ma 1960 maenje otere anameza nyumba ndi anthu omwe. N'chifukwa chake pa dolomite French drain siyenera kumangidwa mwachisawawa, ndipo a Council for Geoscience ku Pretoria ndi amene amasunga mapu a madera amenewa.

Pakati, kuchokera ku Randfontein ndi Krugersdorp kudutsa Roodepoort ndi Germiston mpaka ku Springs, ndi mzere wa migodi ya golide imene inayamba mu 1886. Migodi yakale inadzaza madzi, madziwo n'kusanduka asidi atakhudzana ndi miyala ya pansi ndi mpweya. Mu 2002 madzi otere anayamba kusefukira pamtunda cha ku Krugersdorp ndi Randfontein. Amanyamula sulphate, chitsulo, manganese, ndipo malo ena uranium. Ngati kuchokera pakhomo panu mukuona mapiri achikasu aja a mchenga wa m'migodi, musayezetse tizilombo tokha.

3. Tengerani madzi ku labotale imene siigulitsa mafyuluta

Woyeza madzi asakhale yemweyo amene akufuna kukugulitsani makina. Ndikanena zimenezi anthu amati ndikukokomeza, ndiye ndifotokoze zimene zinachitika pakhomo panga.

Linali Loweruka masana. Anafika bambo wina wovala bwino, kachikwama m'manja, akuti akuyeza madzi mwaulere m'mapuloti onse a msewu wathu. Anatunga madzi athu mu tambula, naviikamo kachipangizo ka timitengo ta chitsulo, n'kulumikiza ku magetsi. Posakhalitsa madzi aja anasanduka ofiirira, pamwamba pali thovu lobiriwira ngati ndere. Anaviikanso mu madzi amene anabwera nawo m'botolo, amenewo anangokhala mbee. Mayi a kunyumba anagwira pakamwa. "Bambo a ana, zoona tikumwa zimenezi ndi mwana wakhandayu?" Ndikanakhala ndi ndalama tsiku limenelo ndikanasaina.

Chinsinsi chake n'chakuti zofiira zija sizichokera m'madzi, zimachokera ku timitengo ta chitsulo tija. Madzi aliwonse okhala ndi timichere, ngakhale abwinobwino, amadutsitsa magetsi, ndipo magetsiwo amasungunula chitsulocho. Madzi a m'botolo lake anali ochotsedwa timichere tonse, ndiye magetsi sadutsa. Wina akadzakuchitirani matsenga amenewa, tsinani mchere wa kukhitchini muponye mu tambula yakeyo, mumuuze ayesenso. Kachipangizo kena kokhala ngati cholembera, ka TDS, kamangowerenga kuchuluka kwa timichere. Za tizilombo toyambitsa matenda sikadziwa kanthu.

Chimene mukufuna ndi labotale yovomerezedwa ndi SANAS, bungwe limene limaunika malabotale m'dziko muno. Pa webusaiti yawo pali mndandanda wa malabotale ovomerezeka pamodzi ndi zimene iliyonse inaloledwa kuyeza. Imbani foni munene kuti muli ndi madzi a mjigo akumwa ndipo mukufuna awayeze motsatira SANS 241, umene ndi muyezo wa madzi akumwa kuno ku South Africa. Kuyeza zonse za mu SANS 241 n'kodula, choncho ngati thumba lili lopyapyala pemphani izi: E. coli ndi total coliforms, nitrate, pH, conductivity, turbidity, chitsulo, manganese, fluoride, sulphate ndi kuchuluka kwa laimu. A pafupi ndi migodi muwonjezere uranium ndi zitsulo zina zoopsa monga arsenic ndi lead.

Katungidwe ka madzi oyezetsa n'kofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Botolo la tizilombo likhale lochokera ku labotale komweko, losatsegulapo. La Coke lotsuka ndi sopo ayi. Sankhani mpope wa pafupi ndi mjigo, madzi asanadutse mu fyuluta iliyonse, chotsani hozipaipi, pukutani kukamwa kwa mpope ndi spirit kapena Jik, tsegulani madzi athamange mphindi zingapo, kenako dzazani botolo osakhudza mkati mwa chivindikiro. Liikeni mu kabokosi ka ayezi, lifike ku labotale tsiku lomwelo, asanakwane maola 24. Musatunge Lachisanu madzulo. Ngati mungathe tungani mabotolo awiri, lina pa mjigo lina pa mpope wa kukhitchini. La pa mjigo likatuluka bwino koma la kukhitchini ayi, ndiye kuti vuto lili mu thanki ya JoJo kapena m'mapaipi, ndipo mwapulumutsa ndalama zambiri.

Nthawi yabwino yoyezetsa ndi m'dzinja, pakati pa Okutobala ndi Malichi, mvula itagwa ndithu. Madzi amene atuluka bwino mu Ogasiti akhoza kukhala ena mu Januwale.

4. Werengani pepala nokha

Pepala la zotsatira limaoneka loopsa, koma mizere yofunika ndi yochepa, ndipo pambali pa nambala yanu amalembapo malire ake.

E. coli sayenera kupezeka n'komwe mu mamililita 100. Akapezeka, ndiye kuti chimbudzi cha munthu kapena cha chiweto chikufika m'madzi anu, ndipo kumene kwadutsa E. coli kungadutsenso kamwazi, taifodi ndi kolera. Sitikufunika kukumbutsana za kolera: kwathu mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Meyi 2023 inapha anthu ku Hammanskraal, kumpoto kwa Pretoria.

Nitrate malire ake ndi mamiligalamu 11 pa lita, akamawerenga monga nitrogen. Ameneyu ndi mboni ina yakuti suweji, khola kapena feteleza zikufika mu mjigo. Alibe fungo, alibe mtundu, ndipo kuwiritsa sikumuchotsa, kumangomuchulukitsa chifukwa madzi amaphwera. Amene ali pachiopsezo kwambiri ndi makanda osakwana miyezi 6 omwe akumwa mkaka wosungunula ndi madziwo, chifukwa amalepheretsa magazi kunyamula mpweya bwino.

Fluoride asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita, apo ayi mano a ana amachita mawanga. Chitsulo chikapitirira mamiligalamu 0.3 pa lita ndi manganese 0.1 mumayamba kuona dzimbiri mu sinki, madontho akuda ndi zovala zoyera zofiirira. Uranium malire ake ndi mamaikulogalamu 30 pa lita. pH, muyezo umene umatsika asidi akamachuluka m'madzi, ikhale pakati pa 5 ndi 9.7, koma madzi otsikira cha ku asidi amadya mapaipi a kopa, ndipo chizindikiro chake ndi madontho obiriwira mu bafa. Laimu mumamudziwa kale, ndi zoyera zija zomatirira mu ketulo ndi mu giza.

Podikira zotsatira, kapena zikatuluka zoipa, wiritsani madzi akumwa abwadamuke kwa mphindi imodzi, kapena thirani supuni yaing'ono imodzi ya Jik wopanda zonunkhiritsa mu malita 20 mpaka 25, mudikire mphindi zosachepera 30. Ndi zomwe zija tinkachita ndi WaterGuard kwathu. Zimenezi zimapha tizilombo tokha; nitrate ndi uranium zimatsala momwemo, ndiye khanda ligulireni madzi.

5. Vuto lililonse lili ndi mmisiri wake

Apa ndi pamene ndalama zimatayika. Munthu amaona E. coli pa pepala n'kuthamangira kugula makina, pomwe French drain ikadali kuchucha mamita khumi kumtunda kwa mjigo. Tsekani kaye gwero.

Ngati pakamwa pa mjigo pakulowa madzi a mvula, kapena pampu ikukoka mchenga, ntchitoyo ndi ya anthu a mijigo ndi mapampu. Iwo ndi amene amakweza ndi kumata pakamwa pa mjigo, ndiponso kuthiramo kolorini wamphamvu kuti aphe tizilombo. Madzi a kolorini amenewo akamawapopa kuwataya, asalowe mu septic tank, chifukwa apha tizilombo tabwino timene timagaya zonyansa. Ngati thanki yasweka, yachepa, kapena ngalande yatsekeka, ntchitoyo ndi ya pulambala wodziwa za suweji. A mafyuluta amabwera pomaliza.

Akabwera, dziwani kuti palibe chipangizo chimodzi chochotsa zonse. Mchenga ndi matope zimafuna fyuluta wamba, zija za m'mabotolo aakulu a buluu. Tizilombo timafuna nyale ya UV, imene kuwala kwake kumatipha, kapena kolorini wothira pang'onopang'ono, ndipo UV imagwira ntchito pokhapokha madzi ali oyera, ndiye kutsogolo kwake pakhale fyuluta ya mamaikuloni 5. Chitsulo ndi manganese zimafuna thanki yokhala ndi mchenga wapadera imene imadzitsuka yokha. Laimu amafuna thanki yomuchotsa yotchedwa softener, imene imadya mchere mwezi ndi mwezi. Madzi a asidi amadutsitsidwa mu miyala ya calcite. Nitrate, fluoride ndi uranium zimafuna reverse osmosis, makina osefa ngakhale zinthu zosungunuka m'madzi, ndipo kawirikawiri kamakina kakang'ono pansi pa sinki ya kukhitchini n'kokwanira, chifukwa madzi otsukira chimbudzi ndi othirira maluwa safunika kuyeretsedwa chotero. Wina akamakukakamizani reverse osmosis ya nyumba yonse pomwe vuto lanu ndi E. coli yekha, akufuna ndalama zanu.

6. Kupeza anthu ake ndi kuwasefa

Yambani ndi aneba amene akhalitsa pa msewu wanu, chifukwa mijigo yoyandikana nthawi zambiri imadwala matenda ofanana. Ife tili ndi mwayi umene mabwana alibe: pafupifupi puloti iliyonse ili ndi Mmalawi woisamalira, ndipo iyeyo ndi amene amaona kuti ndani anagwira ntchito yolongosoka, ndani anathawa atalandira dipoziti. Funsani kutchalitchi, kumzikiti, pa gulu la WhatsApp la anthu a kwanu. Funso likhale lakuti, "Achimwene, amene anaika makina kwanu aja, atawonongeka anabweranso?" Kuika aliyense amaika.

Kenako tsimikizani mayinawo. A mijigo ndi mapampu muwafufuze pa mndandanda wa mamembala a Borehole Water Association of Southern Africa. Pulambala akuonetseni khadi lake la PIRB, bungwe lolembetsa mapulambala, ndipo nambala yake mukhoza kuitsimikiza pa intaneti. Wolumikiza magetsi a pampu akhale wolembetsedwa, wotha kupereka satifiketi ya ntchito yake. Dzina la kampani lifufuzeni ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani, kuti muone ngati ilikodi, ndipo muwerenge madandaulo a anthu pa webusaiti ya HelloPeter, makamaka mmene kampaniyo inayankhira.

Tumizani pepala la ku labotale kwa makampani atatu, aliyense alembe kotesheni. Wodziwa ntchito amafunsa mafunso asanatchule mtengo: mjigo umatulutsa malita angati pa ola, pakhomo pali anthu angati, thanki yosungira ndi yaikulu bwanji. Wongotchula mtengo pa foni asanaone pepala, musiyeni. Inunso mufunseni izi, ndipo mayankho alembedwe: chipangizo chilichonse chikuchotsa chiyani pa zimene zili pa pepala langa? Mafyuluta, mchere ndi babu la UV zidzandidya ndalama zingati pa chaka, ndipo zimapezeka m'mashopu wamba kapena kwa inu nokha? Madzi otsukira makinawa azitayikira kuti? Mtengowu VAT ili momwemo? Mukamaliza kuika, ndikayezetsanso ku labotale yanga ndipo zikapanda kusintha, mudzatani?

Funso la madzi otsukira musalipeputse. Softener imataya madzi a mchere wambiri, ndipo fyuluta ya chitsulo imataya malita ochuluka nthawi imodzi. Mmisiri waulesi amangolumikiza paipi yake ku suweji ya pafupi, thanki n'kusefukira.

Lamulo la Consumer Protection Act la 2008 lili kumbali yanu, kaya ndinu nzika kaya ayi. Katundu watsopano akawonongeka isanathe miyezi 6 muli ndi ufulu woti akonzedwe, asinthidwe kapena akubwezereni ndalama. Ntchito yokonza ili ndi chitsimikizo cha miyezi 3. Ngati munagula kwa wamalonda wochita kukupezani pakhomo, muli ndi masiku 5 a ntchito oti musinthe maganizo. Koma zonsezi zimafuna lisiti. Ntchito ya "tingogwirizana pakamwa, ndikuchotserani pang'ono" ilibe kokadandaula.

Amene mukuganiza zokumba mjigo watsopano, yambani mwapita ku khonsolo. National Water Act ya 1998 imalola munthu kutunga madzi a pansi ogwiritsa ntchito pakhomo popanda laisensi, koma khonsolo ili ndi malamulo akeake a kakumbidwe. Mu Febuluwale 2025 anthu ena akukumba mjigo ku Killarney anaboola ngalande ya sitima ya Gautrain, sitima n'kuima pakati pa masiteshoni a Park ndi Rosebank. Ndipo ngati puloti ili ndi madzi a khonsolo komanso a mjigo, mapaipi awiriwa asalumikizane mwachindunji.

7. Galimoto yopopa suweji

Kuno amaitcha honey sucker, dzina lokoma la ntchito yonunkha. Septic tank yoyenda bwino imapopedwa pakatha zaka ziwiri mpaka zisanu, malinga ndi kukula kwake ndi kuchuluka kwa anthu. Musadikire kuti chimbudzi chiyambe kubweza. Tsegulani chivindikiro, pisani mtengo wautali mpaka pansi. Matope akuda akafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwake, itanani galimoto. Musaweramiremo, musasute fodya pafupi, ndipo zivute zitani musalowemo. Mpweya wa mmenemo umakomola munthu nthawi yomweyo, ndipo wolowa kukapulumutsa mnzake nayenso amatsalira momwemo. Abwana akakutumani kulowamo, kanani.

Posankha galimoto funsani funso limodzi: mukataya kuti? Zoyenera kukatayidwa ku malo oyeretsera suweji ovomerezeka, monga Northern Works ya Johannesburg Water cha ku Diepsloot, kapena malo a ERWAT ku Ekurhuleni, ndipo woyendetsa ayenera kukupatsani pepala losonyeza kuti zinakatayidwa koyenera. Ife nthawi ina tinaitana wotchipa amene nambala yake tinaiona pa mtengo wa magetsi. Anadzaza galimoto, ananyamuka, ndipo ndisanamalize kumwa tiyi anali atabweranso kudzatenga ulendo wachiwiri. Ndinadabwa, chifukwa malo otayirako ali kutali. Madzulo ake ntchentche ndi fungo zinatilondolera ku tchire la kumunsi kwa msewu, pafupi ndi kamtsinje kamene ana amasewerako.

Imani pomwepo pamene akupopa. Ena amangoyamwa madzi a pamwamba, ofewa, n'kusiya matope amene munawaitanira. Atsegule zipinda zonse za thanki, avundule, apope za pansi, asiye pang'ono pokha kuti tizilombo togaya tiyambirenso. Thanki ikakhala yopanda kanthu ndi nthawi yabwino younika ndi tochi muli panja, kuona ming'alu, mizu ya mitengo, ndi kapaipi kopindika ka potulukira kamene kamatchinga mafuta kuti asapite ku French drain. Ikadzazanso n'kusefukira patangotha masabata ochepa, vuto si thanki koma ngalande, ndipo kupopa kawirikawiri n'kungotaya ndalama.

Khalani pansi ndi onse okhala pa puloti mugwirizane zosaponya m'chimbudzi: matewera, mapadi, ma wipes, mafuta ophikira, penti, oilo. Jik ndi Jeyes Fluid wothira mochuluka amapha thanki. Ndikudziwa kuti amayi athu amakonda chimbudzi chonunkhira mankhwala, koma pang'ono n'pokwanira.

8. Ngati malowo si anu

Ambirife ndi mmene zilili. Kwa abwana kapena alandilodi musapite ndi mawu okha akuti madzi akununkha, chifukwa yankho lake mukulidziwa: takhala tikumwa madzi amenewa zaka makumi awiri. Pitani ndi zithunzi za chithaphwi, mtunda umene munayeza, ndi kotesheni ya labotale. Tumizani pa WhatsApp kuti pakhale umboni wa tsiku. Nthawi zambiri mwini malo amamwa madzi ogula kapena ali ndi fyuluta kukhitchini kwake, ndipo sanaganizepo kuti mpope wa kuseri umachokera pa mjigo mwachindunji. Ena akaona pepala amachita manyazi n'kukonza.

Akakana, alendi mukhoza kusonkherana n'kuyezetsa nokha tizilombo ndi nitrate. Zotsatira zikaipa, a Environmental Health a khonsolo yanu ndi amene amaona za suweji yosefukira ndi madzi oopsa, ndipo mikangano ya lendi imapita ku Gauteng Rental Housing Tribunal, kumene salipiritsa.

9. Makina akaikidwa

Dikirani sabata imodzi kapena awiri, muyezetsenso madzi a pa mpope wa kukhitchini ku labotale yomwe ija. Ngati n'kotheka gwirizanani kuti ndalama yomaliza mudzapereke zotsatirazo zikatuluka. Kuchokera apo yezetsani tizilombo ndi nitrate kamodzi pa chaka, komanso nthawi iliyonse pampu ikazulidwa, madzi akasintha fungo kapena mtundu, kapena anthu angapo pa puloti akatsegula m'mimba nthawi imodzi.

Babu la UV limasinthidwa chaka ndi chaka ngakhale likuyakabe, chifukwa mphamvu yake yophera tizilombo imatha kuwala kusanathe. Kagalasi kolikuta kazipukutidwa, makamaka kumene kuli laimu. Magetsi akathima, nyaleyo imathimanso, koma madzi a mu JoJo yokwezeka amapitirizabe kutsika mumpope osaphedwa tizilombo, ndiye masiku amenewo bwererani ku ketulo kapena pemphani kuti UV ilumikizidwe ku batire. Ziphaliwali za kuno nazonso sizisewera, choncho bokosi la pampu likhale ndi chotchinjiriza.

Ine ndinakhoma msomali m'kanyumba ka pampu n'kupachikapo kope m'pepala la pulasitiki. Mmenemo muli kuya kwa mjigo, mtundu wa pampu, tsiku losinthira fyuluta iliyonse, tsiku limene honey sucker inabwera, ndi mapepala a ku labotale. Mwezi wa Disembala ndikapita kumudzi, mlamu wanga amene amatsala pa puloti amangotsegula kopelo.